Loko wa Che Zubairu pachitsime

Che Zubairu a ku Ntaja sankamwa madzi asanawayeze. Ngakhale pa sadaka, ankatulutsa kapepala m'thumba la mkanjo n'kukaviika m'kapu. Kakafiira, kapu ankaikankhira kutali mwini nyumba akuona.

Anagwirapo ntchito yotsuka mabotolo mu labotale ya sekondale ina ku Balaka, ndipo anabwerako ndi mdani mmodzi: naitiraiti, poizoni wochokera m'zimbudzi yemwe amalowerera m'zitsime. Kenako anawerenga pa foni kuti akatswiri akunja amamwaza chitsulo pa makala, atomu imodziimodzi, n'kudutsitsapo magetsi, poizoniyo n'kusanduka amoniya wopangira feteleza. Basi, mtima unakhala pomwepo. Anapeza batire ya njinga yamoto, makala ndi waya wa kopa, n'kumapala wayayo ndi tupa tsiku ndi tsiku. Tikafunsa ngati atomu yaoneka, ankati yatsala pang'ono. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kuseka kunatha tsiku limene kapepala kanafiira pachitsime chathu, chija chili kumunsi kwa zimbudzi za pamsika. Che Zubairu anachitseka ndi loko n'kukhala pachivundikiro. Amayi anawazungulira ndi ndowa, amuna ena atatola kale miyala. Ine ndinachita mantha, sindibisa, ndipo sindinawaikire kumbuyo.

Ilham, mmodzi wa amayiwo, yemwe anali ndi khanda kumsana, anawauza kuti asavute anthu. Iye madzi opangira mkaka wa mwana amawawiritsa nthawi yaitali, monga amaphunzitsira kusikelo.

"Moto umapha tizilombo, mama, koma uyu si kachilombo iyayi," anatero Che Zubairu. "Madzi akamaphwa m'poto, iye amatsala n'kuchulukirapo. Tandionetsani mwanayo."

Ilham anamasula nsalu. Milomo ya khandalo inali itada ngati ladya jambula. Miyala ija inagwa yokha. Che Zubairu anakweza mayi ndi mwana pa kabaza, iwo akuthamanga pambuyo atakwinya mkanjo, mpaka kuchipatala. Mwana anachira.

Amoniya uja sanatuluke mpaka Che Zubairu anatisiya chaka chatha. M'nyumba mwawo tinapeza waya atatsala ngati tsitsi, ndi timapepala tinayi tomwe tinatha mwezi womwewo. Ndimawasowa, nkhalamba yovuta ija. Masiku ano pa sadaka timanyamula kapu, kuyang'anana kaye, kenako n'kumwa. Chitsime chikadali chotseka. Kiyi ali ndi Ilham, ndipo sapatsa munthu.