Zilembo Zobisala pa Komputadori ya Dona Amélia

Lolemba

Dona Amélia akwera lole ya ku Tete, abwera Loweruka. Loja, sitolo yawo ya mafotokopi, yatsala ndi ine. Mawu awo potuluka: "Tsache ndi fotokopi basi, mwana wanga. Ndikapeza zonse zili bwino, ndiyamba kukuphunzitsa komputadori." Zaka ziwiri ndikudikira mawu amenewa!

Pa komputadori pali kazenera kakuda kamene Dona amalembamo malamulo, amati terminali. Zilembo zake n'zoyera. Ndangofuna kuona ngati zingakhale zobiriwira ngati kapulana yanga, chitenje chija. Ndadinadina pa mitundu. Tsopano kazenera konse bii! Chilembo palibe ngakhale chimodzi. Ndaphimba ndi nsalu.

Lachiwiri

Ndavundukula. Bii. Pamene ndinadina dzulo sindikupakumbukira. Koma zilembo zimapita kuti? Zafa kapena zangobisala?

Profesora Elisa a ku sekundariya abwera kudzakopetsa mayeso. Ndatsegula pakamwa katatu. Chatuluka n'chakuti "Zikomo."

Lachitatu

Profesora abweranso. Ndalemba funso papepala, ndaliika pamwamba pa mayeso awo, ndathawira kuseri. Aseka mpaka kutsokomola. "Iwe, zilembo zilipo, ndiwe sukuziona. Ifunse yokha ikuuze mmene yavalira."

Andilembera mzere wautali woyamba ndi gsettings. Akuti komputadori itchula zonse za kazenerako: mitundu, kukula kwa zilembo, ngakhale kabelu kake. Poti sindingaone, awonjezera mawu otumiza yankho ku impresora, makina osindikiza papepala.

Ndiye kuti chinthuchi chimadziwa mmene chimaonekera? Popanda galasi!

Ndalemba osaona kanthu, chilembo chimodzichimodzi. Enter. Zii. Akuti kamuvi koloza m'mwamba kamabweza mzere. Kamuvi, Enter. Zii. Kamuvi, Enter, mpaka chala chatopa.

Lachinayi

Posesa ndapeza chingwe cha impresora chili pansi. Ndachilowetsa. Mayo ine! Zonse za dzulo yazikumbukira.

Zimene zatuluka:
- tsamba la mizere yambiri
- tsamba lomwelo
- lomwelonso, mpaka mapepala a Dona atsala theka
- tinta, inki yake, yayamba kutumbuluka

Ndaima pakhomo, ndikutsokomola kuti apanjira asamve.

Lachisanu

Ndawerenga tsamba limodzi ndi chala. Chingerezi chokhachokha, koma manambala ndimawadziwa. Mizere iwiri ili ndi mawu akuti color, ndipo yonse ikuti 0,0,0. Kodi si apa? Zilembo zavala zofanana ndi khoma lake! Cha m'munsi pali dzina la Dona, kaya bwanji.

Koma kusintha kwake sindikudziwa, ndipo Profesora apita ku Chiputo kumaliro.

Mapepala enawo ndapatsa mai Joana, ogulitsa mandasi pamene malole amaima. "Ee, mapepala oyera chonchi, ulere? Wapenga kodi?" Umboni watha. Ndapuma.

Loweruka

Dona atsika lole ndi njala. Alowa mu loja akutafuna mandasi, maso ali papepala la mafuta. "Taona, mandasi a kuno ku Fíngoè akubwera ndi dzina langa masiku ano."

Avundukula nsalu. Ayang'ana mapepala otsala. Ayang'ana tinta. Ndangoloza mizere iwiri ija papepala lawo lomwelo. Ayang'ana chala changa, ayang'ana ine. Adina kawiri katatu, zilembo mbee! Zonse zimene ndinalemba Lachitatu zili pomwepo, mzere pamwamba pa mzere, sizinachoke.

"Unaona wekha zimenezi?" Ndagwedeza mutu.

"Mm. Maphunziro mvula ikatha."

Lamulungu

Mvulayo sinayambe n'komwe.

Kutchalitchi mai Joana andinong'oneza: "Akatulukanso mapepala aja, usandiiwale." Ndayang'ana pansi.

Mawa tsache ndi fotokopi. Tsamba limodzi ndabisa m'buku la nyimbo. Pali mzere wa kabelu kaja, Profesora anati kalipo ndithu. Ine sindinakamvepo. Kamalira bwanji? Ukadina pati?

Ayi. Tsache.