Makapu Atatu a Madzi a Kugombe

Mukadzafika ku Nkhudzi n'kumva ana akukuwa kuti "Makapu Atatu!", musavutike n'kufunsa, dzinalo ndi langa. Palibe anandinamizira. Ndinalipeza ndekha masanasana, mudzi wonse ukuonerera.

Panthawiyo n'kuti nditangotha miyezi inayi chibwerereni kuchokera kwathu ku Dedza kudzaphunzitsa sayansi pa pulayimale ina kumeneko. Makolo a ana ankandipatsa moni bwinobwino, koma mphekesera zinkandipeza zoti mphunzitsi watsopanoyu amangodziwa za m'buku. Zinkandiwawa, sindinama. Ndiye ahedi atalengeza kuti masukulu a m'dera lathu achititsa chionetsero cha sayansi pabwalo la mpira, ndipo aitana anthu onse, ndinati chitonzochi chithera pomwepo.

Ndinasankha kuonetsa sefa ya madzi. Siivuta kupanga. Umadula chigubu kumwamba, kuboola pansi, kuyalamo kansalu, makala osinja, mchenga, kenako timiyala. Ukathiramo madzi amatope amatuluka oyera ngati a pampopi. Kutatsala tsiku limodzi, Mayi Phiri, azaumoyo a m'deralo, anandipeza ndikuyeserera kuseri kwa kalasi.

"Aphunzitsi, sefayi imagwira matope okha, tizilombo timadutsa," anatero akundipatsa kabotolo. "Mukasefa muthiremo kolorini, mudikire theka la ola musanamwetse munthu."

Ndinathokoza, kabotolo n'kuponya m'thumba la jekete. Koma mumtima ndinati theka la ola anthu ali padzuwa, si andithawa amenewa? (Mphunzitsi wa sukulu yoyandikana nafe ankabwera ndi wailesi yoyendera dzuwa, ndipo nsanje inali itandigwira kale.)

M'mawa wa tsikulo ndinakatunga ndekha madzi kugombe. Pofuna kuti zioneke zenizeni, ndinatunga pomwe asodzi amatumbulira nsomba, amayi akuchapa matewera chapomwepo. Ndinavundulanso dala ndi phazi kuti ade bwino.

Anthu anabwera ndithu. Asodzi, amayi ogulitsa usipa, akabaza atatsamira njinga zawo, onse anaunjikana patebulo langa. Ndinakweza ndowa kuti aliyense aone uve wake, kenako n'kuthira m'chigubu. Madzi anayamba kudontha ali mbee. M'manja munaombedwa, ndipo ndinaona anthu ena akuchoka kwa mnzanga wa wailesi uja kubwera kwa ine. Mutu unakula.

"Tsopano ndani abwere adzalawe?" ndinafunsa kapu ili m'mwamba.

Ndinafunsanso, koma palibe anasuntha. M'malo modabwa kuti chavuta n'chiyani, ndinanyamula kapu ija mpaka kwa bambo wina wachikulire amene anakhala kutsogolo atavala mkanjo woyera. Anali Che Saidi, mwini mabwato awiri, munthu woti akalankhula kugombe onse amamvera. Anayang'ana kapu, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ifetu tafunga. Uno ndi mwezi wa Ramadani. Ngakhale dontho sitilawa mpaka dzuwa lilowe."

Manyazi ake sindingawafotokoze. Sabata ziwiri zathunthu ndinali ndikudandaula kuti mayi wa mandasi wa pageti wasowa, osafunsa n'komwe chifukwa chake. Akhristu analipo pagulupo, aphunzitsi anzanga ndi asilikali angapo, koma iwo anali ataiona bwino ndowa ija, moti aliyense anayamba kutanganidwa ndi foni yake.

"Koma inu simufunga," anapitiriza Che Saidi mwaulemu. "Imwani ife tione. Sitikhumudwa ayi."

Kabotolo kaja ndinkakamva m'thumba. Koma kukatulutsa pamenepo kukanakhala kuvomera pagulu kuti sefa yanga payokha siikwanira, ndipo mawu aja a "za m'buku" akanabadwanso. Chapatali Mayi Phiri anali ataimirira patebulo lawo, akundikupizira manja onse awiri. Ndinayang'ana kumbali, n'kugugudiza kapu yonse. Madziwo anali ndi kafungo ka usipa, koma ndinamwetulira.

"Ife kumbuyo kuno sitinaone!" anakuwa wakabaza wina.

Ndinamwa yachiwiri. Ndisanapukute n'kukamwa komwe, ahedi anatulukira ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku boma.

"Tabwerezani aphunzitsi, bwana aone nawo."

Yachitatu inatsikira momwemo. Bwanayo anandigwira chanza, nati dziko likufuna aphunzitsi otere.

Tsiku lotsatira linadutsa bwino, mpaka ndinayamba kuganiza kuti Mayi Phiri amangoopseza anthu. Linzakelo ndili pakati polemba pabolodi, m'mimba munalira ngati injini ya boti. Choko ndinachisiya m'malere. Pofika masana ndinali nditayenda ulendo wa kuchimbudzi kosawerengeka, ndipo ahedi anaitana kabaza kuti andiperekeze kuchipatala. Mwatsoka anali yemwe uja wa "sitinaone". Panjira ndinamuimitsa kawiri kuti ndilowe patchire, ndipo dzuwa lisanapendeke gombe lonse linali litamva.

Mayi Phiri sanandikalipire. Anandipatsa madzi a mchere ndi shuga, n'kungofunsa kuti, "Kabotolo kaja kali kuti?" Kanali m'jekete momwemo, kosatsegula.

Nditatuluka, Che Saidi anabwera kunyumba kudzandizonda atanyamula nsomba ziwiri za chambo.

"Pepani aphunzitsi, mwavutika. Koma mwatiphunzitsa zedi. Mayi Phiri akhala akutiuza za kolorini zaka zonsezi, ife timangoti madzi akayera ndiye kuti ndi abwino. Pano taona ndi maso athu. Madzi anali mbee, koma taonani mmene mwatheramu."

Sankaseka, ankanena zochokera pansi pa mtima, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. Sabata yomweyo amayi anayamba kufola kwa Mayi Phiri kukatenga kolorini. Zoti ndimangodziwa za m'buku zinatheratu. Masiku ano amati mphunzitsi uja ndi wolimba mtima, sayansi amaiyesa ndi mimba yake.

Chaka chino ahedi andiuzanso kuti ndikonzekere chionetsero. Ndayamba ndafunsa Che Saidi kuti mwezi wofunga ugwa liti, kenako ndasankha kuonetsa za maginito, poti maginito samwedwa.