Ine Ndikusala, Chiwindi Chikukana

Lolemba
Ndayamba! Sabata yathunthu osadya mpaka dzuwa kulowa, kupempha Mulungu mwana. Chimwalirireni khanda langa pobadwa, zaka zinayi zapitazo, mimba zii. Apongozi akuti Khirisimasi ikadutsa chonchi, awapezera amuna anga mkazi wina ku Chintheche.
11 koloko: thukuta, manja njenjenje. Ndagwera m'dengu la usipa wa eni ake pamsika. Ndikutsitsimuka akundimwetsa madzi a shuga.

Lachiwiri
Malamulo atsopano:
- kusala kuzitha 12 koloko
- tiyi si chakudya
- shuga wa m'tiyi ndi tiyi yemweyo
Ndalekezera 10 koloko. Mulungu amaona mtima, alibe wotchi.

Lachitatu
Ndakomokanso, ulendo uno pa mapemphero a amayi. Iwo akuyesa ndi Mzimu, akuwonjezera nyimbo! Ndime zonse zinayi, ine ndili thapsa pa simenti.

Lachinayi
Kuchipatala. Adokotala akufunsa za magazi ambiri amene ndinataya pobereka. Mkaka unatuluka? Ayi. Msambo? Unasiya. Akujambula kanthu konga nzama pansi pa ubongo, akuti pituwitale. Ndiye kapitawo wa thupi. Munthu ukakhala osadya, kamatumiza uthenga ku tiziwalo ta pamwamba pa impso, ndipo ito timathandiza kuti chiwindi chiphwanye shuga amene chinasunga, alowe m'magazi. "Kanu kakuoneka kuti kanafota tsiku lomwelo, mayi. Kusala kudya mulekeretu."
Nkhokwe ilipo, wolamula kuti itsegulidwe ndiye palibe.

Lachisanu
Ndikusala nyama yokha. Pakhomo pano nyama tinailawa komaliza pa Isitala.

Loweruka
Anditumiza ku Mzuzu kukayezetsa magazi. Ndikufunsa adokotala a kumeneko funso limene ndinaopa kufunsa Lachinayi: kodi n'chifukwa chake mimba zii? "Eya, wolamula za mazira a mayi ndi kapitawo yemweyo." Mapiritsi alipo, akumwa moyo wonse. Za mwana akungoti tiona, maso ali papepala.
Pobwerera ndikudya nthochi m'minibasi, misozi chuchuchu. Kondakitala akuyesa ndikuopa makhota a msewu.

Lamulungu
Phala m'mawa. M'chikwama, pambali pa Baibulo, maswiti atatu. Pakhomo la tchalitchi apongozi: "Sabata imodzi yokha yakukanika, mwana wanga?" Ndangoti yewo, zikomo wa kuno kumpoto.
Mtima ukundiwawa. Zaka zinayi ndakhala ndikupepesa anthu, kuganiza kuti pemphero langa ndilo loperewera. Chonsecho tsiku lobereka lija maliro anali awiri, a khanda ndi a kapitawo uja, tinalira amodzi.
Nthawi yakwana, ndikadye.