Tulo ta Pulofesa Rehbein

Pa yunivesite yathu mukafunsa za malemu Pulofesa Ottmar Rehbein, palibe angakuuzeni za mabuku awo onenepa aja ofotokoza alakatuli akale a Chijeremani. Anawawerenga ndani? Ngakhale ife anzawo tinkangowaika pashelefu kuti alendo atiope. Chomwe aliyense angakuuzeni ndi tulo. Bambo amenewa ankagona pa msonkhano uliwonse, pampando wakutsogolo penipeni, manja pamimba, kukamwa kuli yasa!

Lachitatu lililonse tinkasonkhana kumvera mmodzi wa ife akuwerenga zomwe wafufuza. Nkhani zake zinali zikuluzikulu, musaseke: kodi mlakatuli wakutiwakuti analemba ndakatulo ija asanadwale chimfine kapena atachira? Pa zoterezi ife timakangana mpaka kusiya kupatsana moni. Wowerenga akangoti "Amayi ndi abambo," mutu wa a Rehbein unkayamba kulemera. Akamaliza, tonse tikugogoda matebulo ndi zala monga timachitira poyamikira, iwo ankadzidzimuka dzanja lili m'mwamba kale.

"Zikomo kwambiri, mnzanga. Koma chapakati paja mwadzitsutsa nokha."

Chopweteka n'chakuti zinkakhala zoona. Ndani mwa ife sadzitsutsa chapakati?

Tsiku lina kunabwera katswiri wotchuka wa ku Vienna, wa ndevu zopesa bwino. Asanatembenuze tsamba loyamba, mkonono unayambika. Mkuluyo anasiya kuwerenga.

"Kodi bambowa akudwala?"

"Ayi," anatero wapampando, "akukumverani."

"Ndi mkonono?"

"Umenewo ndi ulemu wa alendo okha. Ifeyo amatigonera mwakachetechete."

Tonse tinazolowera, kupatula Wiltrud Kanzleiter, wophunzira wawo wakale. Wiltrud anafika pano ali mtsikana, imvi zinamumerera mulaibulale, ndipo a Rehbein anagonera pepala lake lililonse. Kwina ankamutama. Ku Zurich anamugogodera matebulo mpaka zala kutupa. Koma iye mtima unali pa chinthu chimodzi: munthu amene anamuphunzitsa kuwerenga ndakatulo adzamumvere kamodzi kokha ali maso.

Palibe chimene sanayese mayi ameneyu. Anawagulira khofi wowawa ngati mankhwala. Iwo anamwa, anathokoza, anagona. Wiltrud anatsegula mawindo onse m'nyengo yozizira. Ife tinatsokomola sabata yathunthu, iwo anagona atadzikulunga m'chikhoti. Kenako Wiltrud anaika dala m'pepala mwake mawu owanyoza, n'kuwatsekereza pakhomo potuluka.

"A Pulofesa, mwamva zomwe ndanena za buku lanu lachiwiri?"

"Ndamva, Mayi Kanzleiter."

"Ndati chiyani?"

"Mwati latalikitsa. Aliyense amatero."

Wiltrud anangoluma mano, chifukwa n'zomwe ananenadi.

Patapita zaka, a Rehbein atapuma pantchito, Wiltrud anapatsidwa mpando wa upulofesa, ndipo anayenera kulankhula pamaso pa yunivesite yonse. Apa anatsimikiza mtima. Anachotsa m'pepala zonse zimene ife timazifera: madeti, mayina a osindikiza, timawu ta m'munsi mwa tsamba tija totalika kuposa tsambalo. M'malo mwake anaikamo nthabwala. Wiltrud, nthabwala! Munthu amene sitinamuonepo mano! Ankayeserera pagalasi kunyumba mpaka mphaka wake anasamukira kwa aneba.

Tsikulo a Rehbein anabwera ndi ndodo, ataonda ndi matenda, kolala ikuwalendewera, nakhala pampando wawo. Tsamba loyamba, maso ali tong'o. Lachiwiri, tong'o. Ife tinaiwala za Wiltrud, tonse makosi atasololokera kwa nkhalambayo, kudikira kuti mutu ugwa liti. Sunagwe. Wiltrud anaona, nawerenga mpaka kumapeto. Titagogoda matebulo, a Rehbein sanakweze dzanja. Anangomugwira phewa potuluka.

"Lero ndiye mwalankhula mwamoyo, Mayi Pulofesa."

Wiltrud anagulira aliyense vinyo, ngakhale amene sanawapatse moni kwa zaka. Ankangobwereza, "Mwaona? Mwaona?"

Chisanu chisanathe, a Rehbein anatisiya. Titachoka kumanda tinakakhala m'kanyumba kodyera kumwa khofi ndi keke. Mkazi wawo, Mayi Gerlinde, anasendera pafupi ndi Wiltrud.

"Tsiku lanu lija anabwera kunyumba akukudandaulani."

"Ine? Komatu anali maso, mayi!"

"N'chimene ankadandaulacho. Ululu wa matenda aja unali utawalanda tulo, mapiritsi a dokotala osagwira. M'mawa wake anamanga tayi okha, amvekere, 'Gerlinde, ndikupita kwa Wiltrud. Enawa ndimawagonera poti anditopetsa. Mwana uja ndimamugonera poti palibe choti ndilondere. Kumeneko ndikapumako.' Pobwera anangodziponya pampando, akuti, 'Wandipusitsa mwana uja. Wandiikira nthabwala.'"

Wiltrud anaseka mpaka keke inagwa pafoloko. Kuseka kuja kunapitirira, kunasanduka china, ndipo ife akatswiri a mawu tinangoyang'ana m'makapu.

"Akanangondiuza, mayi," anatero akupukuta m'maso. "Kunyumba ndili ndi mutu wathunthu wa madeti okhaokha, sunawerengedwepo ndi munthu. Ndikanawawerengera wonse."

Masiku ano Lachitatu aliyense amakhala maso. Timakhala tilili, nkhope zanzeru, aliyense akukonza mumtima funso loti amuonere, ndipo palibe amene akumva mnzake. Wowerenga akamaliza pamakhala zii, wapampando akupemphetsa funso loyamba ngati akupempha moto. A Rehbein timawasowa, ndinene zoona, ndipo m'chipindamo mumazizira ngakhale mawindo ali otseka.

Wiltrud nthabwala anazisiya. Anabwezeramo madeti ake onse, ndipo amawerenga pang'onopang'ono monga kale. Akaona wophunzira wina kumbuyo akuyamba kuwodzera, samudzutsa. Amangotsitsa mawu.