Mmene ndinawapezera mlandu amalume

Mpaka lero azakhali akandiona ndagwira foni amafunsa kuti, "Lero ukumanga ndani?" Ndiye bola ndikuuzeni ndekha musanazimve kwina.

Ndimakhala ku Rongai, kufupi ndi Nairobi, ndi amalume, omwe amagwira ntchito kubungwe lina la mpingo, ndi akazi awo, azakhali ndanenawo. Amene anakwerapo matatu, minibasi ya kuno, jamu ya pamsewu wa ku Rongai akuidziwa: umakwera uli mnyamata, potsika ndevu zamera. M'jamu momwemo ndi momwe ndinatulukira mabuku akalekale a ku Russia, aulere pafoni. Abale inu! Anthu aja akalakwa safuna wapolisi. Chikumbumtima chokha chimawagwira pakhosi: thukuta, kunjenjemera, chakudya osalowa, kuyankhula okha. Kenako kuulula, kulira, mtima n'kukhala m'malo. Ndinkadzifunsa, kodi zimachitikadi zimenezi, kapena ndi kuzizira kwa kwawoko? Ndinayamba kuyang'anitsitsa anthu. Ngakhale makanga, kondakitala wa matatu uja, ndinkamuyang'ana m'maso mpaka anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Ndiye amalume anabwerako kumudzi ku Chikwawa, komwe anapita okha kutchuthi. Patapita masiku ndikuona chapati akusiya m'mbale. Thukuta kamukamu mu Julaye, Nairobi akuzizira chonchija! Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akunjenjemera, akung'ung'udza okha. (Ndisaname, ndinasangalala. Buku likuyenda ndi miyendo m'nyumba mwathu!)

Ndinayamba mwaulemu.

"Amalume, munthu akaulula amapepukidwatu."

"Iwe, tanditengera bulangete."

Mwaona? Kuzemba nkhani. M'mabukumo amateronso.

Ndinalondola azakhali kukhitchini.

"Azakhali, sikuti ndikunena kanthu, koma kumudzi kuja kwachitika zinazake. Zizindikiro zonse zilipo."

Anasiya kudula masamba. "Wamva chani iwe?"

"Sindinamve. Ndawerenga."

Ine ndinkaganiza za tchimo lakuya, la mumtima, loti wansembe n'kuvula magalasi. Iwo anaganiza za mkazi. Tsiku lomwelo anasamukira kuchipinda cha alendo, foni ya amalume n'kufufuzidwa mpaka mauthenga a gulu la kwaya.

Lamlungu mphakati wa Amalawi unasonkhana kwathu, azimayi atamva kale kunong'ona. Ndinapempha kutsogolera pemphero. Ndinapempherera "onse olemedwa ndi chinsinsi," diso limodzi lili pa amalume. Azakhali anayankha "Ame!" wamphamvu mpaka mayi wina anagwetsa korona. Amalume anadzuka pang'onopang'ono atagwirira mpando. Ndinati eya, nthawi ija yakwana! Anatsegula pakamwa, n'kusanza pakapeti.

Kuchipatala anangowabaya chala. Malungo. Ine, mwana wa ku Chikwawa, amene udzudzu umandidziwa ndi dzina, kulephera kuzindikira malungo! (Kuno timawaiwala, komabe.)

Pobwerera azakhali ndiwo ankayendetsa galimoto. "Bambo, mundikhululukire. Ndi mwana wa mlongo wanuyu anandiuza."

Amalume anacheuka. "Unati ndachita chani, mphwanga?"

"Sindinatchule, amalume. Ndimadikira muulule nokha."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Masiku onsewa ndikudwala ndekha m'chipinda, wondipatsa madzi palibe, iwe uli kalikiliki kundiwerenga."

Kuyambira pamenepo chakudya chinayamba kundikanika. Thukuta, mutu kulemera, kuyankhula ndekha m'matatu. Azakhali anandikokera kuchipatala komwe kuja. Anabaya chala. Malungo mulibe.

"Ndiye ulula," anatero amalume, akumwa phala.

Mphakati wotsatira ndinaimirira n'kunena kuti kulibe mkazi ku Chikwawa, nkhani yonse inachokera m'foni mwanga. Ndinalira mamina ali chuchuchu. Amalume anandipatsa mpango wawo, ndipo masana amenewo ndinadya mpaka azakhali anabisa mbale ya chapati.

Ndiye a ku Russia aja sananame ayi, zimachitikadi. Ndinangolakwitsa munthu. Koma makanga uja, mmene amatulukira thukuta m'mawa kukuzizira, ine ndikumuonabe.