Laputopu ya M'belo la Fodya

Nzeru yoba laputopu inabadwira pa masese kwa mayi Feliya, pa Chisemphere, Lachinayi masana dzuwa likuswa mtengo. Anaibereka ndi amuna atatu a pa esiteti ya fodya, akatswiri osowetsa matumba a feteleza ndi kubisa miyala m'mabelo kuti sikelo isekerere. Chipanda chisanathe kuzungulira kachitatu, onse anali atagwirizana kuti ku Kasungu konse kunalibe madolo owaposa.

Mwini nkhani anali Frazer, wosankha fodya m'chigafa kuyambira ndevu zisanamere. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi anatopa nako kutsokomola fumbi la fodya, ndipo chaka chathunthu anakhala akukwera pachulu kusaka netiweki, n'kumadziphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta pa kafoni kong'aluka galasi. Anthu ankamuseka, iye osatekeseka. Mayeso olowera analembera pa kafoni komweko, ndipo uthenga unabwera woti wasankhidwa ku butikampu, sukulu ya miyezi inayi ya ku Kasungu boma yosandutsa munthu wamba kukhala wopanga mapulogalamu. Kuyambira tsiku limenelo anzake anamutcha Injiniya. Vuto linali pa mzere womaliza wa uthengawo: afike Lolemba m'mawa, laputopu ili kumanja.

"Amwene, ine fodya ndathana naye," anatero Frazer akupukuta thovu kukamwa. "Ndikufuna ntchito ya pampando wozungulira. Koma ndikapita chimanjamanja, malo anga apatsa wina. Tibe komaliza, kenako ndikhale munthu."

Success, amene ankamutcha Loya chifukwa anakhalapo mboni kukhoti kamodzi, anati zimenezo n'zochepa. Muofesi ya esiteti munali laputopu ya mayi wina wa m'tauni, amene anabwera kudzakonza zoti mabelo azilembedwa pa kompyuta. Nthawi ya nkhomaliro ankaisiya patebulo, ndipo windo lakumbuyo linali losowa chitsulo chimodzi. Chovuta chinali mlonda wa pageti, mkulu wosecha munthu mpaka m'sokosi.

Apa Frazer anamwetulira ngati wapeza mankhwala a imfa. "Mlonda amasecha munthu. Munaonapo akusecha belo?"

Wachitatu, Tsoka, chimunthu chachikulu chodinda mabelo chimene aliyense ankangochiitana kuti Jeke, anaseka mpaka benchi linalira. Anagawana ntchito pomwepo: Loya atulutse katundu, Jeke amuike pakati pa belo n'kudinda pang'ono chabe, kenako belolo lituluke pangolo limodzi ndi anzake opita kumsewu. Frazer anati iye adikira kutchire, pakuti injiniya amajambula pulani, sanyamula njerwa. N'chifukwa chake mwini laputopuyo sanamuone n'komwe nkhope.

Loweruka zinayenda ngati zodzozedwa mafuta. Loya analowetsa mkono pawindo, laputopu inalowa m'malaya, ndipo posakhalitsa inali itagona pakati pa masamba ofewa m'bokosi lodindira. Tsoka anazungulitsa jeke, chitsulo chopanikizira fodya m'bokosimo, mwaulemu, ngati akusisita mwana. Ndiye panatulukira kapitawo. Anabaya belolo ndi chala, n'kufunsa mokweza ngati Tsoka wayamba kukalamba, popeza belo lotere ngakhale mayi woyembekezera akhoza kulidinda bwino.

Munthu mukhoza kumunyozera mkazi, mukhoza kumunyozera njinga, koma wodinda fodya musamunyozere belo lake. Tsoka anaiwala dilu, anaiwala Injiniya, analavulira m'manja n'kugwira chitsulo. Anazungulitsa kamodzi, kawiri, kachitatu. Kachinayi m'katimo munamveka kuti phwa! Kapitawo anagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Pageti mlonda anasecha Loya mpaka m'chipewa, ngolo n'kudutsa bwinobwino. Atafika kutchire anasomola ulusi wa belo, Frazer akuvinavina ngati mkwati. Chimene chinatuluka chinali chopindika ngati chiwaya chokazingira tchipisi. Galasi lake linali litang'ambika paliponse, ndipo pakati pa mabatani panadzaza zinyenyeswa za fodya. Frazer anaona chigafa chikumuitananso. Koma pambali pa chiwayacho kanyali kobiriwira kanali kuphethira.

"Ili moyo iyi, aise," anatero Loya. "Ndipo mwalamulo, uthenga unati ubwere ndi laputopu. Sunanene kuti yowongoka."

Mawu amenewo anamutsitsimutsa Frazer. Lamulungu lonse anachapa malaya, anameta, anakhula utomoni wa fodya m'zikhadabo ndi mwala, n'kuyeserera kunena dzina lake mwa Chizungu pamaso pa mbuzi.

Lolemba anzake anamuperekeza mpaka ku boma atatchena, poti ulemerero wa mmodzi ndi wa onse. Sukuluyo inali kuseri kwa sitolo ya mbewu. Iwo anaima panja pawindo, Frazer n'kukakhala mpando wakutsogolo penipeni. M'kalasimo munali anthu makumi awiri othawa ntchito zawo zakale: wina anali mphunzitsi, wina kondakitala wa minibasi, wina mayi wogulitsa kaunjika. Frazer anasangalala kwambiri poona kuti sanali yekha woyamba moyo mochedwa. Atatsegula chikwama, mzere wonse wakutsogolo unayetsemula.

Kenako analowa mphunzitsi, mayi wamfupi wa magalasi, n'kunena kuti dzina lake ndi Mervis. Anapepesa kuti tsiku loyamba alemba pabolodi, chifukwa laputopu yake yasowa Loweruka, maphunziro onse ali momwemo. Tsono ku Kasungu amayi oyenda ndi laputopu n'kumakonza mapulogalamu mukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo munthu woganiza akanayamba kuyang'ana kumene kuli khomo. Koma Frazer chimwemwe chinali chitamutseka m'maso. Anapukusa mutu n'kudandaula mokweza kuti mbava zachuluka m'tauni muno.

Pawindo, Loya ndi Jeke anali atamuzindikira kale mayiyo. Anayamba kukupiza manja, kuloza kumsewu, kudzicheka pakhosi ndi chala. Frazer anaona ngati akumuchemerera, ndipo anawakwezera chala chachikulu. Pofuna kuti aphunzitsi amudziwe msanga kuti ndi wophunzira wamtima wabwino, anaimirira.

"Madamu, musavutike. Gwiritsani yangayi."

Mervis anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza, anainunkhiza, n'kusolola kachidutswa ka fodya pakati pa mabatani. Anati popeza galasi lafa, ailumikiza ku makina oonetsera pakhoma kuti aone ngati m'kati mukadali mzimu. Analowetsa chingwe. Khoma linawala, ndipo panaoneka chithunzi chachikulu ngati chitseko: mayi wamfupi wa magalasi, akuseka, atanyamula mwana.

Kalasi inayang'ana khoma, inayang'ana aphunzitsi, inayang'ananso khoma. Mervis analemba pasiwedi osayang'ana n'komwe zala, ndipo phunziro loyamba linatseguka. Anafunsa mofatsa kuti laputopuyo yaona zotani. Frazer anati inagwa panjinga. Mervis anati ayi, apa payenera kuti panadutsa thirakitala.

"Si thirakitala, madamu," anayankha mawu okhumudwa kuchokera pawindo. "Ndi jeke. Ndipo ndinangozungulitsa kanayi."

Loya anaona kuti mlandu ukufuna katswiri. M'malo moliyatsa liwiro, analowa m'kalasi atakoka Tsoka pamkono, n'kulengeza kuti anthu ake sayankhanso funso lililonse, ndipo palibe umboni woti wina analowetsa mkono pawindo lakumbuyo la ofesi ya esiteti. Za windo, za ofesi, za esiteti, panalibe amene anali atazitchula. Kondakitala uja, pozolowera ntchito yake yakale, anatseka chitseko n'kuimapo.

Podikira apolisi, ophunzira anawakhazika pansi atatuwo, atawamanga manja kumbuyo ndi zingwe za magetsi. Mervis anatenga ndandanda wa ophunzira n'kufunsa dzina loti afufute.

"Frazer Kanyinji," anatero Injiniya.

Cholembera chinaima m'malere. Mayiyo anamuyang'ana, mkwiyo utasanduka chisoni. Anatsegula kabati n'kutulutsa katoni yatsopano, yomata bwino, pamwamba pake patalembedwa dzina lomwelo ndi zilembo zikuluzikulu.

"Amene wakhoza nambala wani pa mayeso olowera timamupatsa laputopu yakeyake," anatero. "Sitinena msanga, timafuna adzasangalale pamaso pa anzake. Munalembera pa chiyani mayeso aja, bambo Kanyinji?"

"Pa foni, madamu."

Mervis anafufuta dzinalo pakatoni, n'kuitana nambala thu. Mayi wa kaunjika anaimirira akululutira, anang'amba pulasitiki, ndipo kafungo ka chinthu chatsopano kanagonjetsa fodya m'chipinda monse. Frazer anapempha kuti aikhudzeko chabe, kamodzi kokha. Mayiyo, poti anali wachifundo, anaibweretsa pafupi ndithu, koma manja a Injiniya anali kale kumbuyo.