Rauta Yanga Inatsekera Amayi Kunja

Lamlungu, m'kati mwa chisanu cha Juni.

Ndadzuka ndi manyazi olemera kuposa bulangete. Ndilembe zonse, mwina mtima upepuka.

Kwathu kuno ku Mchengautuwa bandulo ya intaneti inkatha msanga, ndipo ine ndinatsimikiza kuti anansi akutibera wayifayi. Nditamva kusukulu kuti munthu angathe kupanga rauta yakeyake yogawa wayifayi ndi kompyuta yakale, yotetezeka kuposa yogula, ndinapempha Ababa laputopu yomwe inkangodya fumbi pansi pa kauntala ya shopu yathu.

"Ukuzidziwa zimenezi, Amina?"

"Ndikuzidziwa, Ababa." (Ndinali nditangoonera timavidiyo pafoni.)

Lachisanu ndinaikonza. Ndinaika pasiwedi yatsopano, kenako ndinailamula kuti izilola mafoni okhawo amene anali m'nyumba nthawi imeneyo. Amayi anali kumsika, foni yawo ataimangirira pachitenje. Sindinawaganizire n'komwe.

Dzulo masana achimwene Yusufu anayenera kuimba pavidiyo kuchokera ku Joni, kuti Amayi aone mdzukulu wawo woyamba. Amayi anasamba, anavala mpango watsopano, nakhala pampando foni ili m'manja. Foni inakana kulowa. Ndikuthamangira ku laputopu kuti ndiwatsegulire, magetsi anathima. Batire ya laputopuyo inafa kalekale. Rauta yathu yakale ili ndi batire yabwino, koma ndinali nditaimasula kuti ndione za m'kati (tizitsulo tina mpaka pano sitikuoneka).

Amayi sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, nanenso ndine wakuba?"

Tinapita kwa a NyaGondwe, mnansi yemwe ndinkamukayikira kuposa onse. Anatibwereka foni yawo, yomwe inali ndi kabandulo, mosanyinyirika, koma achimwene anali atabwerera kale kuntchito. Mwanayo Amayi sanamuone.

Potiperekeza, a NyaGondwe anati, "Pepani chomene. Kodi wayifayi yanu yadwala? Kwathunso sikugwira. Pajatu pasiwedi anatipatsa ndi abambo ako, kuti ana aziwerengera za kusukulu."

Madzulo ndinawafunsa Ababa.

"Mnansi sam'mana moto," anatero, osadzutsa mutu pa tiyi wawo.

Ndiye kuti wakuba panalibe. Ndinamanga mpanda wautali, chonsecho mwini nyumba amagawa makiyi yekha.

Achimwene ati adzaimbanso Loweruka. Amayi apinda mpango uja bwinobwino, ndipo chimenechi chikundipweteka kuposa kukalipiridwa. Mawa ndikaweruka kusukulu ndidzasesa pansi pa bedi mpaka tizitsulo tija tipezeke. Rauta yakale ikadzayaka, foni yoyamba kulowa idzakhala ya Amayi.